Dzanja la Mkazi Watsopano

Chaka cha Kovidi ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Markhiya, mumzinda wa Doha kwa Aluya, kwa mayi wina wachizungu wa ku America. Geti linali lotseka, madamu n'kusowa wocheza naye, ndiye ankangondilondola ndi nkhani za makolo awo.

Pabalaza panali chithunzi cha bambo wandevu, agogo a agogo awo. Akuti anali mmodzi wa atsogoleri oyamba a mpingo wawo, umene unathamangitsidwa n'kuyenda pa ngolo za ng'ombe mpaka kuchipululu. Anamanga midzi, analalikira kutsidya kwa nyanja, anakwatira akazi asanu ndi awiri. Mitalayo sinandidabwitse. Ndine Msilamu wa ku Machinga, bambo anga anali ndi awiri.

Chinandinyansa ndi mwambo wake. Pa ukwati uliwonse, mkazi wamkulu ankaimirira kutsogolo, kugwira dzanja la mtsikana watsopanoyo, n'kuliika yekha m'dzanja la mwamuna wake. Kasanu n'kamodzi! Madamu ankafotokoza misozi ili lengelenge, ati chikhulupiriro. Ine chikolopa chili m'manja, ndikungokolopa. Munthu akulande nkhuku, akutumenso kuti uisosole?

Sipanathe mwezi, amuna anga anaimba foni. Moni wake wautali, kufunsa mpaka za nyengo. Kenako anati, "Amake mwana, kuno ndapeza wondithandiza. Ashehe amanga kale ukwati."

"Ali kuti?"

"Ali pompano. Ndimpatse foni mumuuze kuti mwamulandira. Akuchita manyazi kugona m'chipinda mwanu musanalole."

M'chipinda mwanga! Nyumbayo ili pa malo a amayi anga, amuna angawo ndi mkamwini chabe. Malata ake ndinawapeza ine potsuka zimbudzi za eni. Mwana wanga wamkazi akukula momwemo. Lamulo latsopano linali litatilola kutuluka m'dzikomo osapempha abwana, koma ndege zitaima, ndikanauluka pa chiyani? Ndinadziwa kuti ndikangoti "takulandirani," mudzi wonse umva kuti ndapereka ndekha, nyumba yapita.

Ndinamva mtsikanayo akupuma pa foni. Ndinati, "Achemwali, inu ndilibe nanu mlandu. Bwezerani foniyo kwa eni ake."

Atailandira ndinawauza mosapsatira. "Kukwatira mwakwatira, zanu zimenezo. Koma kwathu kuno mwamuna wamitala amatsata mkazi kumudzi kwawo. Samutengera pa mphasa ya mnzake. Mulibe manyazi, bambo inu?"

Ayi ndithu, anaseka. Ati Doha yandikulitsa mtima, ndipo ndili kutali, ndingatani.

Ndinadula, n'kuimbira amalume, eni mbumba yathu. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti, "Ndamva, mwanawe."

Tsiku lomwelo anasonkhanitsa ankhoswe, natulutsa panja katundu yense amene amuna anga anabwera naye pakhomopo. Mng'ono wanga ananditumizira chithunzi. Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati, katunduyo anakwana m'jumbo imodzi.