Injini ya m'mimba mwanga

Amuna anga ndi makanika wa matakisi, ndipo amanyada kuti galimoto amaidziwa ndi khutu. Amatsamiza sikuludiraiva pa injini, chigwiriro n'kuika kukhutu, n'kutseka maso ngati munthu wopemphera. Akatsegula maso, vuto alipeza. Ku galaja kwawo amawapatsa ulemu chifukwa cha zimenezi. Cholakwa chawo chinali kuganiza kuti khutu lomwelo lingagwire ntchito pa ine.

Inali mimba yanga yoyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu, mu Okutobala. Tinkakhala m'zipinda ziwiri ku Libuyu, malata ake otentha moti masana ndinkangokhala pakhonde, mapazi m'beseni la madzi. Amayi anali kutali ku Katete, apongozi ku Mongu, choncho wofunsa pafupi panalibe.

Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, mimba inayamba kudumpha. Sikunali kukankha kumene ndinazolowera. Kunali ka du, kupuma pang'ono, du, pamalo amodzi pansi pa mchombo. Diresi linkachita kuoneka likunyamuka. Ndinaitana amuna anga kuti adzaone, ine ndikuseka.

Iwo sanaseke. Anagwada, n'kugunditsa khutu pamimba, n'kutseka maso. Kenako anatulutsa foni, nayamba kuwerenga motsatira wotchi.

"Uyu ni mutima," anatero. "Uyenda pang'ono maningi. Ifuna kuzima iyi."

"Ifuna kuzima chani? Ni mwana uyu, si Corolla."

"Nvalani nsapato."

Nsapato sizinkandilowa, ndinavala mapatapata. Anathamangira kugalaja n'kubwera ndi takisi ya kasitomala imene inalibe mpando wa wokwera wakutsogolo. Ndinakhala kumbuyo ngati bwana. Ulendo wonse ankazemba maenje mwaulemu umene sindinauonepo chikwatirane, uku akufunsa, "Ikali kugunda?" Ndinkayankha kuti inde. Kunena zoona, pofika pachipata cha kiliniki mantha awo anali atandilowa nanenso.

Tinapeza namwino wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe, akudya mango ndi mpeni. Anasamba m'manja, nandigoneka pabedi. Amuna anga anayamba kufotokoza matenda onse, mpaka nambala imene anapeza pafoni.

"Ba sista, timing siili bwino," anamaliza motero.

"Imwe musebenza kuti?"

"Ku galaja."

"Naona. Nkhalani apo."

Anayamba ndi kachitoliro kokhala ngati lipenga, mbali yotambalala pamimba panga, inayo kukhutu kwake. Ndinaona amuna anga akugwedeza mutu mokhutira, poti chidacho sichinkasiyana kwenikweni ndi chawo. Kenako namwino anandipaka mafuta ozizira, n'kuyendetsa kamakina kokhala ndi sipika. Poyamba kunangomveka phokoso ngati la wailesi yosowa siteshoni. Ndiyeno mtima unamveka, wothamanga, kugudu kugudu kugudu, wosaphonya. Pakati pa kuthamangako, ka du kaja kanabweranso, kamakina n'kudumpha.

"Mwamvera? Uyo othamanga ndiye mutima. Ako kanangu ka du ni chidikhodikho. Mwana wanu amwa tumadzi mwamene ali, aphunzira kupuma."

Amuna anga anatchera khutu ku sipika. Maso awo ananyowa, ngakhale mpaka lero amati linali thukuta.

"Manje siuthamanga maningi?" anafunsa, poopa kuti tsopano mtimawo ukuthamanga kwambiri.

Namwino anavula magalasi. "Mwabwera ati uyenda pang'ono. Manje ati wathamanga. Nikupatseni sipanala muuchune mweka?"

Koma potuluka anatiimitsa pakhomo, nkhope itasintha. Anati tinachita bwino kubwera, ndipo kusekedwa si kanthu. Chidikhodikho chisatiopse, koma tsiku limene mwana adzachepetse kusewera kusiyana ndi masiku onse, ndisadikire kuti kuche kapena kuti lifike tsiku la sikelo.

Kunyumba, apongozi atamva nkhaniyi pafoni anaseka mpaka kutsokomola. Anati khanda likagwidwa chidikhodikho amaliika kaulusi ka bulangete pamphumi. Mawa lake mimba itayambanso kudumpha, ndinaona amuna anga akuzula ulusi pa bulangete lathu laukwati. Anaunyowetsa ndi malovu, nafufuza pamene ankaganiza kuti ndi pamphumi, n'kuumata. Namwino anali atatiuza kuti mutu unatembenukira kale pansi. Ulusiwo unali pamatako a mwana, koma sindinawauze.

Patapita milungu itatu, m'mawa wina, mwana anangoti zii. Ndinamwa madzi ozizira, ndinadya, ndinagonera kumanzere. Palibe. Ndinaimba foni kugalaja. Tsiku limenelo amuna anga sanagunditse khutu, sanatchule za injini. Anabwera ndi ovolosi ya oilo, nanditsegulira chitseko cha galimoto, tinalunjika kukiliniki.

Tinapeza namwino wina, wachitsikana. Anafunafuna ndi kamakina kaja nthawi imene kwa ine inali yaitali kwambiri. Mtima unapezeka cham'mbali, koma anati sakukhutira nawo, natitumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anandimanga malamba pamimba, makina akulemba mizere papepala, mpaka adokotala anati mwana atuluke tsiku lomwelo.

Anabadwa madzulo, mtsikana, mvula yoyamba ikugwa. Anamwino anawaletsa atate ake kumunyamula mpaka atasamba ndi sopo katatu, ndipo anasamba osatsutsa.