Kamisolo wa ku Joni

Agogo anga a NyaMoyo ndikawakumbuka, imayamba kuwaona ndi mphuno: fungo la luzi lonyowa la mombo, losakanikirana ndi la ndowe za m'khola ndi fodya wa m'mphuno amene ankamusunga m'kachitini. M'mawa uliwonse, ng'ombe zisanatuluke, ankakhala pa mwala kuseri kwa khola kwathu ku Manyamula, akupota zingwe za ana a ng'ombe pa ntchafu, dzanja kupita ndi kubwera, malovu pang'ono, kupotanso, mpaka khungu la ntchafuyo linalimba ngati chidendene. Anali amayi awo a adada. Mawu aakulu ndili nawowa ndinatengera iwowo. Anthu amati ndimakuwa. Sindikuwa ine, ndimalankhula ngati a NyaMoyo basi.

Masiku amenewo adada anali ku Joni, ku migodi, monga amuna ambiri a kwathu. Anachoka mlongo wanga wamng'ono ali m'mimba, mimbayo isanaoneke n'komwe. Mwana anabadwa, anayamba kukwawa, iwo osabwera. Tsiku lina kunafika a Gausi, anzawo a ku mgodi amene anabwera kudzapuma, atamangirira mtolo wathu pa njinga.

Mtolo wa ku Joni sunkamasulidwa mobisa. Unamasulidwira pa khonde, mudzi wonse ukuona. Agogo bulangete. Ine kabudula wa matumba. Ankhazi anga a Eliza, mlongo wawo wa adada, duku. Pansi penipeni panatuluka kanthu koyera mbee, ka zingwe ziwiri ndi tizitsulo kumbuyo. Kamisolo! Ana a lero mumati bura. M'mudzi mwathu munalibe mkazi amene anali naye, tinkangomuonera pa chingwe cha akazi a aphunzitsi. Azimayi anaimba nthungululu, nawakankhira amama m'nyumba kuti akavale.

Anthu anadikira, amama osatuluka. Ine, poti ndinali mwana, ndinangolowa. Ndinawapeza thukuta lili kamukamu, manja kumbuyo, akukoka. Tizitsulo tija sitinkakumana, pakati pankatsala mpata wokwana chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo m'nthiti munali mutayamba kale kutupa mizere. Ankhazi anasuzumira pa khomo, nayamba kuseka.

"Mulamu, musadzivutitse. Ameneyu si wanu yayi. Chovala chotere mwamuna sagula ndi pakamwa, amayezera pa munthu. Ku Joni kuli wina wa timabere ngati masuku."

Mwina ankanena mwa nthabwala. Koma pofika mawa lake ku chitsime nthabwala inali itamera miyendo. Ena ankati mkazi wa ku Joniyo ndi woyera khungu, ena ankati ali kale ndi mwana. Amama sanalire pa anthu. Anatenga nsalu zawo, mbale zawo ndi chipande, namanga mtolo wobwerera kwawo ku Euthini.

Apa mundimvetse bwino, inu a kumwera ndi a pakati. Kwathu ng'ombe za malowolo zikatuluka m'khola, ana ndi a kwa bambo. Woyamwa akanapita kumsana kwa amama. Ine, woweta mbuzi kale, ndikanatsala. Palibe anandiuza, ndinkadziwa ndekha. Kabudula wa matumba uja ndinamuvula, n'kumuponya pansi pa nkhokwe.

Agogo anabwera kuchokera ku khola luzi lili m'manja. Anaona mtolo, anaona ine. Anatenga kamisolo uja, namutambasula pa dzuwa, namuyang'ana nthawi yaitali ngati akugula mbuzi. Ndiye anayamba, ndi mawu aja omveka mpaka kutsidya kwa dambo.

"Mwana wanga ndi chitsiru, enya. Ndinabereka ndekha, ndikumudziwa. Koma wayezera pa mkazi wake yemweyu. NyaTembo mkamwana wanga, pamene ankachoka unali bwanji iwe? Bango! Mphepo ikawomba tinkakugwira. Wakhala pano ukumwa chambiko cha ng'ombe zanga, ukuyamwitsa, wasanduka munthu. Iye uko m'dzenje akuonabe bango lake lija. Wakunenepetsa ndine. Mlandu ngati ulipo, ndi wa ng'ombe zangazi."

Ena anaseka. Amama sanaseke.

"Amama," anatero kwa agogo mwakachetechete, atagwada, "nanga ngati winayo alikodi?"

Agogo anafwenkha fodya, nayetsemula, napukuta mphuno.

"Mbwenu timuyesa. Ndimutumizira muyeso wako. Akatumizanso wosakukwana, ndiye kuti maso ake ali kwina, ndipo mtolowu ndidzakusenzera ndine mpaka ku Euthini. Mnyamatayunso udzapita naye. Za ng'ombe ndidzayankha ndekha kwa amuna a mudzi uno."

Anthu pa bwalo anayang'anana. Mkazi wa Chingoni kulonjeza mdzukulu wamwamuna, woyamba kubadwa! Akuluakulu ena anadzuma, koma panalibe wolimba mtima woti awatsutse.

Anatilowetsa m'nyumba, ine ndi amama. "Iwe gwira nsonga iyi, nkhaniyi ndi yako," anatero kwa ine. Anasankha chingwe chatsopano, chopotedwa bwino, chouma, poti chonyowa chimafupika. Poyamba anachizunguliza m'nthiti, pansi pa mabere, chowongoka mozungulira monse, osakwera kumsana. "Tulutsa mpweya. Usadzikoke mimba, sitikukufunsira mbeta pano." Analowetsa zala ziwiri pansi pa chingwe, monga ankachitira pa khosi la thole, mwana wa ng'ombe, kuti chisapotokole komanso chisavuke, namanga mfundo. Kenako anayeza pamwamba, podzaza penipeni, mosafinya. Mwana analira kufuna bere, agogo anati adikire kaye. "Tiyeze ali odzaza. Nkhokwe samanga poyang'ana chimanga cha mwezi wa njala." Anamanga mfundo yachiwiri. Ya pansi ija anaidetsa ndi khala.

A Gausi atamva chimene akatenge, anachita manyazi chomene.

"Amama, ine mwamuna wamkulu ndiyende ndi chifuwa cha mkazi wa mnzanga m'thumba?"

"Unabwera nacho cholakwika osachita manyazi. Tamvera. Yakuda ndi ya pansi, yoyera ndi ya pamwamba. Mwana wangayo akapite nacho m'sitolo, akapereke kwa mkazi wogulitsa, iye atseke pakamwa. Ukasokoneza mfundozi, usadzadutsenso pa khomo pano."

Mvula inagwa, tinalima, tinapalira, chimanga chinamasula. Mtolo wa amama unali pa ngodya womangamanga. Akafuna mbale ankasolola imodzi, akatsuka n'kuibwezeramo. Ine ndikabwera koweta ndinkayamba ndasuzumira pa ngodyapo ndisanamwe ndi madzi omwe. Agogo okha ndi amene sankatekeseka. Ankapota zingwe zawo, akuimba, ngati sanaike mdzukulu pa msampha.

Titakolola, munthu wina wa ku Euthini wochokera ku Joni anatisiyira kaphukusi. Nthawi ino munalibe bulangete, munalibe kabudula. Makamisolo awiri basi, woyera ndi wofiirira. Adada atabwera patapita nthawi ankasimba okha kuti mkazi wa m'sitolo uja anaseka mpaka kugwira kauntala, kenako anatambasula chingwecho pa tepi yake, naitana anzake kuti adzaone.

Amama analowa m'nyumba. Sindinawatsatire, ndinadikira pa khomo. Ndinamva kuti tcha, kamodzi kokha. Anatuluka atavala bulauzi, msana uli chilili, akuyenda ngati sakuponda pansi. Agogo anawauza kuti akweze manja, anakweza. Awerame ngati akutola nkhuni, anawerama, palibe chinasuntha. Anawalowetsa zala ziwiri kumsana, nagwedeza mutu.

"Eliza! Bwera udzalowetse chala nawenso, poti pakamwa unalowetsa kale."

Ankhazi anabwera akukoka miyendo. Agogo anatulutsa kamisolo woyamba uja, wamng'ono, amene anamusunga m'dengu miyezi yonseyi.

"Kavale uyu."

Anakana, azimayi anawakokera m'nyumba. Tcha! Anawakwana ngati anabadwa naye.

"A-a!" anakuwa agogo, manja m'chiuno. "Anthuni, tamupeza mkazi wa ku Joni uja! Anali pa khomo pompano!"

Anthu anagwa pansi ndi phwete. Ankhazi omwe anaseka misozi ili mbwembwembwe, nakagwada kwa amama: "Ndapota, mulamu." Madzulo asanafike amama anamasula mtolo, mbale n'kubwerera pa thandala. Ine ndinakwawira pansi pa nkhokwe kukafuna kabudula wanga. Chiswe chinali chitadya matumba onse.

Ndinakula ndi amama anga, ine. Anandikwapula, anandidyetsa, anavina pa ukwati wanga, ananyamula ana anga onse, ndipo anagona ku Manyamula komweko tsitsi lili mbuu. Ku Euthini ankangopita kukacheza. Zimenezi anandipatsa a NyaMoyo, mkazi wosadziwa kulemba dzina lake, ndipo ndimazinena mokweza kulikonse, ngakhale m'minibasi ya ku boma.

Pano mwana wanga wachiwiri nayenso ali ku Joni, mkazi wake tili naye pa khomo. Mwezi wathawu anaimba foni, akuzungulirazungulira: "Adada, ndikufuna kumugulira tinthu tina tamkati, mwina mungafunse amama kuti mkazi wangayo amavala sayizi yanji."

Ndinati, "Iwe, wakwatira amako?"

Ndinamuitana mkamwana wanga, n'kumupatsa foni m'manja, n'kumuuza kuti alowe m'chipinda atseke chitseko. Ine ndinatenga mpando wanga ndi ndodo, n'kukakhala pa khonde. Aliyense amene anayandikira, mwana kaya wamkulu, ndinamubweza.