Impso za Bambo Kaonga

Lyson Kaonga wa ku Nthalire anayamba kupalasa njinga kupita ku Chitipa Boma ali mnyamata. Ankamangirira thumba la nyemba pakaliyala, n'kunyamuka kum'mawa kukufiira, ndipo ankafika dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Pamitunda ankatsika n'kumakankha. Zaka zinapita zambiri osadwala.

Koma panali chimene ankabisa. Tsiku lonse la ulendo, thukuta lili kamukamu, iye sankataya madzi. Akayesa madzulo, mkodzo unkatuluka wochepa, wofiirira ngati tiyi. Mnzake wina atamwalira ndi matenda a impso, mantha anamugwira, ndipo anaulula kwa mkazi wake Towera.

"Awiske Mwiza, zaka zonsezi muli duu?" anatero Towera, pomutchula ndi dzina la mwana wawo. "Malaya anu ndimawachapa ali mbee ndi mchere. Mukuuma m'kati inu! Pitani kuchipatala."

Kumeneko anapeza dokotala wochokera ku Dedza, Mayi Esnat Kamwendo, amene anamulonjera m'Chitumbuka kuti, "Monire adada." Atamuyeza magazi ndi mkodzo, mayiwo anamwetulira.

"Impso zanu zili bwinobwino. Thukuta likamatuluka, madzi amachepa m'magazi. Ubongo umazindikira msanga, n'kutumiza amithenga m'magazi momwemo, amene timawatcha mahomoni, kukauza impso kuti zisunge madzi. N'chifukwa chake mkodzo umachepa. Pamwamba pa impso palinso tiziwalo tiwiri ting'onoting'ono, totumiza uthenga wakuti mchere usatayike."

Kenaka Lyson anafunsa:

"Amama, kutentha kukangoyamba thukuta limandiwawa m'maso, koma pakapita masabata awiri limasukuluka. Ndi zomwezo?"

"Ndi zomwezo ndithu. Thupi limaphunzira kuumira mchere."

"Ha! Ndiye ine ndikamalimbana ndi mtunda, m'katimu akutumana okhaokha, osandifunsa n'komwe?"

Dokotala anamulangiza kuti azimwa akamva ludzu, koma asamachite kudzikhuthulira madzi, azitafuna mtedza wothira mchere m'njira, ndipo akaona kuti mkodzo sunabwerere mwakale tsiku lotsatira, abwerenso mwachangu.

Lyson anatuluka atagwira m'chiuno ndi manja onse awiri, akuyenda pang'onopang'ono ngati wosenza mazira. Pachipata anaima nthawi yaitali, akuyang'ana amayi osenza nkhuni ndi akabaza amene ankadutsa thukuta lili chuchuchu.

"Onsewa ali nazo impso zoterezi," anadziuza chapansipansi, "ndipo sakudziwa."

Lero imvi zamera, koma nyengo ya nyemba ikafika amapalasabe.