Dzanja Limodzi Basi

M'dzinja la 1994, amalonda a mumsika anasankha amayi osoka mayunifolomu kukhala wapampando wa bungwe lawo losunga ndi kubwereketsana ndalama. Amayiwa sankachulutsa gaga m'diwa. Amangoti, "Banki ili ndi makasitomala, kuno tonse ndife eni ake."

Pamsonkhano wina, mwini golosale yaikulu anafuna kuthetsa tingongole ta ogulitsa masamba, nati voti yake ilemere ngati thumba lake.

"Zimenezo n'zakubanki, achimwene," anatero amayiwa akupukuta magalasi. "Kuno lamulo likuti dzanja limodzi. Linalo muzikandira mutu."

Ogulitsa masamba anakweza manja awo, tingongole tija tinapulumuka.

Pa 14 Malichi 2009, manja omwewo anasankha wina. Amayiwa anawawerenga okha mokweza, napereka makiyi a bungwelo, nabwerera kumakina awo osokera.