Boma Lagulira Nchima Minda, Nanga a Mwale Akagona Kuti?

Lachiwiri lapitali ndinali pakhonde ndikumata chubu cha njinga pamene a Lufeyo Mwale anatulukira. Moni anapereka, pampando anakhala, koma maso anali pansi.

A Mwale ndi mnzanga mumpingo, timakhala benchi imodzi. Kwawo kwenikweni ndi cha ku Madisi. Kuno kumapiri a Ntchisi anabwera kuchikamwini ali mnyamata, atakwatira Nambewe m'mudzi wina wotsamira nkhalango ya boma. Nambewe anatisiya dzinja lathali. Mwa mwambo wathu, a Mwale akanasudzulidwa n'kubwerera kwawo, koma ana anakaniza, iwonso sanalimbikire zopita.

"A Phiri," anatero, "mwamva kuti boma lagula minda yathu ya kumtunda?"

"Ndamva. Akuti nkhalango ikule."

"Akuti agulira nchima." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Za minda ine ndilibe nazo mawu, si yanga. Koma manda ali momwemo. Amayi a ana ali momwemo. Ndinkati tsiku langa likafika adzandigoneke pambali pawo. Tsono akazika malire, ndidzalowera pati?"

"Mawa kuli msonkhano. Mukafunse. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Ine? Mkamwini aimirire pabwalo kufunsa za manda a eni ake? Alamu anga adzati ndadzigawira malo ndisanapatsidwe. Mukandifunsire ndinu. Mukafunse ngati za aliyense, dzina langa lisamveke."

Ndinavomera. Nkhalamba ikakupempha chotere sukana.

Kwa inu a m'tauni amene simunaionepo, nchima si nyani, si pusinso. Ndi yakuda motuwira, ya mchira wautali, yamanyazi. Pansi siikondapo, moyo wake uli m'mwamba, kuchoka nthambi iyi kugwira iyo. Tili ana tinkazimva zikuitanizana m'mawa uliwonse nkhungu isanachoke m'phiri. Lero mwezi umatha osamva ngakhale imodzi.

M'mawa mwake tinakwera phiri kupita kumsonkhano. Anthu anadzaza pabwalo la sukulu, amayi uku, abambo uko, mphepo ya mwera ikulowa m'mafupa. A tcheyamani a nthambi ya chipani atatsegula, ine n'kupemphera, anaimirira bwana wa zankhalango, bambo wa imvi zapatalipatali, wovala khaki. Analankhula mosakuluwika. Anati nchima zikutha chifukwa nkhalango yaduka zidutswa. Pakati pa nkhalango yaikulu ndi mitengo ya kumtsinje pali minda yokhayokha, ndipo nyama yoyenda m'mitengo singadutse m'mizere ya chimanga popanda kukumana ndi agalu. Choncho boma lilipira eni minda ya kumtundayo, liwapatsenso malo ena kumunsi, njira ya ku Malomo, kuti mitengo imerenso ndi kulumikizana.

Bambo wina kumbuyo anakweza dzanja. "Bwana, nanga nchimazo, poti zalandira minda, msonkho zizikhoma?"

Bwalo lonse linagwa nako kuseka, a tcheyamani omwe. Bwana uja anati akazifunsa akakumana nazo.

Tinaseka, koma funso la bamboyo lili ndi mbale wake amene ndamumva pachigayo, pamsika wa pa Boma, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Ndalama zogulira nyama zakutchire malo, bwanji osakonzera mlatho umene umakokoloka dzinja lililonse? Bwanji osagulira mankhwala? Kodi nchima yaposa mwana wa munthu?

Si funso lopusa. Ndaonapo mayi wodwala atanyamulidwa pamachira chifukwa galimoto inatitimira m'matope. Ndiponso kusiya munda umene unalima agogo ako si kuvula malaya. Minda yatsopanoyo ili patali, ndipo amene adzamve mtundawo m'miyendo ndi amayi osenza madengu. Zimenezi tisazibise.

Komabe ine mtima wanga uli m'malo, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Mukukumbukira munthu uja anauzidwa kukhoma chingalawa pamtunda pouma, mvula isanagwe ndi dontho lomwe? Mitengo imene inapita pamenepo, phula, thukuta la zaka, zonsezo akanamangira nyumba ana ake. Ndipo sanauzidwe kuti alowetse mbuzi ndi nkhuku zokha, zimene zikanamuthandiza pa ndiwo. Analowetsa ndi zosadyedwa zomwe, zoluma, zakuba m'minda. Mwini chilengedwe sanafune kuti mtundu ndi umodzi womwe usowe. Ngati Iye anaona kuti nchima ndi yoyenera malo m'chingalawa, ndine yani ine kuti ndiimane kachigawo ka phiri?

Malembo omwewo amatiuza za chaka chopumitsa munda, kuti zomera zokha adye osauka, zotsala zidye nyama zakuthengo. Taonani, m'malamulo a Mulungu nyama ili ndi gawo lake m'munda wa munthu. Ife gawo limenelo tinalilanda kalekale.

Tinalilanda bwanji? Funsani zigafa zathu. Fodya wathu wa chikopa amafuna utsi, utsi umafuna nkhuni, ndipo nkhunizo sizigwa kumwamba. Chaka ndi chaka ngolo zatsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi zitasenza misuku, mitondo ndi miwanga. Fodya watiphunzitsira ana, watifolerera nyumba ndi malata, sindimunyoza. Koma timitsinje timene tinkasambamo mpaka mvula yoyamba, lero timaphwa masika atangotha. Nkhalango imene ikusungidwira nchima ndi yomweyo imasunga kasupe amene akazi athu amatungako. Mlatho ukakokoloka timamanga wina. Mtundu wa nyama ukatha, ndani mwa ife angaumbe dothi n'kuliuzira mpweya? Madzi akatayika saoleka.

Tsiku lina mukadzakwera basi yochokera ku Dowa, mudzayang'ane pawindo. Mapiri ali mbee, ngati mutu wometedwa pamaliro. Koma apa ndi apo mudzaona kagulu ka mitengo yobiriwira, yaitali, yothithikana. Simufunika kufunsa. Amenewo ndi manda. Ndi malo okhawo amene nkhwangwa yathu imaopa. Ena amaopa mizimu, ena amaopa eni dambwe, ife a mpingo timati ndi ulemu kwa ogona. Chilichonse chimene tinganene, zoona zake n'zakuti akufa tawasiyira mthunzi, amoyo tawamana.

Ndiye kupatula malo osalimidwa si nzeru yachilendo yobwera ndi ndege. Makolo athu ankaidziwa. Boma langotikumbutsa, ndipo lachita mwaulemu, polipira m'malo molanda.

Izi ndinkazisinkhasinkha ndili chikhalire pabwalo paja, mpaka ndinamva chigongono cha a Mwale m'nthiti mwanga. Nthawi ya mafunso inali kutha. Ndinaimirira.

"Bwana, pepani. Manda a mudzi uno agwera mkati mwa malire atsopano. Kodi anthu adzaloledwa kuikamo maliro?"

"Bambo, manda sitinagule," anayankha. "Manda sagulidwa. Ndipotu ndikuuzeni, nchima zochepa zimene zatsala kuno zapulumukira m'mitengo ya kumanda kwanuko. Njira tidzaisiya. Eni mudzi aziika abale awo monga kale. Chimene tikukana ndi nkhwangwa ndi moto basi."

Amayi anaomba m'manja, wina analuluta. Ine ndinacheukira a Mwale ndikuyembekeza kuona mano. Koma nkhope yawo inali itagwa kuposa dzulo lake. Ndipamene ndinazindikira. Bwana anati eni mudzi. Boma linali litatsegula njira, koma a Mwale sanali mwini mudzi.

Apo anaimirira a Mbewe, mchimwene wake wa malemu Nambewe, mwini mbumba, munthu wamfupi wa mawu ngati ng'oma.

"A Phiri, inu manda a kwanu ali kutsidya kwa mtsinje. Funso limeneli mwalitola kuti?"

Kunama sindikanatha, nditangopemphera kumene pamaso pa anthu onsewo.

"Musavutike," anatero a Mbewe, "mwini wake ndikumuona. Alamu! Mwayamba kulemba ganyu anthu okuyankhulirani? Pakamwa panu patupa?"

Anthu anayamba kuseka. A Mwale anangoti zyoli.

"Tamuonani munthu uyu," a Mbewe anapitiriza, akuloza ndi ndodo. "Anafika kuno ndi kabudula mmodzi ndi khasu lobwereka. Watidyera nkhuku mpaka mano amuthera m'kamwa. Nchima zili bwino, zikadya zimachoka. Uyu anadya n'kukhala."

"Ndikanachoka bwanji, alamu," a Mwale anayankha motsitsa, "poti munandipatsa chokoma choposa zonse za m'mudzi muno?"

Kuseka kunazima. Amayi ena anagwira nsonga za zitenje n'kupukuta m'maso. A Mbewe anakhosomola, n'kuyang'ana kuphiri kanthawi, ngati kuti kwachitika china chofunika kumeneko.

"Ku Madisi ndani angakuzindikireni lero?" anatero, mawu atasasa pang'ono. "Mlongo wanga mwamudwazika ndinu. Madzi mumatunga ndinu, amuna anzanu akukusekani. Bwana, imvani, ndipo mbumba yonse imve. Uyu ndi mwini mudzi. Tsiku lake likadzafika, adzukulu adzakumbe pambali pa Nambewe. Akakhale mlonda wa nchima zanuzo kwaulere. Moyo wake wonse sanathamangitsepo ndi imodzi yomwe m'munda mwathu, ndiye adzagwirizana."

A Mwale anagwada pafumbi pomwepo n'kuomba m'manja mwaulemu, katatu konse. A Mbewe anawakoka padzanja. "Dzukani, alamu, musafulumire. Sitinati lero."

Tinatsika phiri limodzi. Kenaka a Mwale anati, "A Phiri, lero ndikagona tulo."

Ine ndinafika kunyumba ndikuyamika. Ndinakumbuka kholo lija la chikhulupiriro, limene linayenda moyo wonse m'dziko la eni, ndipo malo okha amene linakhala nawo ngati akeake anali munda woikamo mkazi wake. Malembo sabisa: dziko ndi la Mulungu, ife ndife alendo ndi ogonera. Kunena mwa kwathu kuno, tonsefe ndife akamwini. Tinafika opanda kanthu, tinapatsidwa munda, tadya, takhuta. A Mwale ankadziwa malo awo, n'chifukwa chake anaopa ngakhale kufunsa. Ife m'munda wa Mulungu timadula, timatentha, timapirikitsa zolengedwa zinzathu zimene tinazipeza momwemo, osapempha kwa Mwini mbumba.

A Mbewe anapeza malo a mlendo pakati pa mafupa a makolo awo. Boma lapeza malo a nchima pakati pa zosowa zathu zambirimbiri. Nanga inu, m'bale wanga, pamunda panu pali mtengo ngakhale umodzi umene mwausiya dala, kuti mbalame imangepo chisa? Kapena mukudikira kuti mthunzi mudzaupeze tsiku limene adzukulu adzakunyamuleni?