Mzera Umodzi wa Clement

Ku Katete, kuseri kwa msika, palibe amene samudziwa Clement Sakala. Anayamba ndi kukonza mafoni pa benchi, kenaka anadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu a pa intaneti, mpaka bungwe lina la alimi a mtedza linamutenga kuti aziyang'anira tsamba lawo. Munthuyu ngwanzeru, izo tisakane. Koma nzeru zakezo zinali ndi kaumbombo.

Pulogalamu yake ndiyo inkatulutsa tsamba limene alimi ankaona pa foni: mitu, timabokosi, mayina. Anzake a ntchito yotere amalemba malangizo a tsamba m'chigawo chakechake, chizindikiro poyambira, china pothera, pakatipo chilichonse pa mzera wake, kuti diso liziyenda bwino. Clement ayi. Iye ankapanikiza zonse mu mzera umodzi wautali, wodzaza timadontho ndi timizere, wopitirira mpaka kuseri kwa sikirini. Ankachitira dala.

"Aliyense akamatha kuwerenga, ine ntchito yanga ikhala chiyani?" ankatero, uku akudziguguda pachifuwa.

Towela Mbewe, mlembi wa bungwelo, anaphunzirako za kompyuta ku Chipata. Tsiku lina anasuzumira pa sikirini nagwira pakamwa. "A Sakala, izi zidzakusokonezani inu nomwe."

"Mayi, inu samalani mafaelo anu," anayankha Clement.

Mu Okutobala, mvula ili pafupi, bungwe linalengeza kuti ligawa mbewu ya mtedza. Amene dzina lake laoneka pa tsamba abwere Lolemba. Anthu anabwera, analandira, ndipo matumba otsala anapatsidwa kwa ena. Palibe anazindikira kuti mayina makumi awiri ndi atatu a mudzi wina wa ku Mkaika sanatuluke konse. Ndipo mudzi wake unali umene Clement anakwatirako.

Lachinayi m'mawa, mkazi wake Selina anafika pa ofesi ndi mayi ake, a Ottilia. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, choncho mayiwo anakhala pansi pakhonde, atafulatira chitseko. Selina ndiye analowa.

"Amayi akuti afunseko chabe, kaya analakwa chiyani ku bungwe. Munda analima kale, mizere ili mbee."

Clement anatembenukira ku kompyuta. Anatsegula pulogalamu. Mayinawo analimo ndithu m'kaundula wa mamembala, koma pa tsamba sankatuluka. Anayamba kulondola mzera wake uja ndi chala, kumanja, kumanja, kubwereranso. Ola lathunthu linatha, malaya atanyowa ndi thukuta. Zolemba zake zomwe zinamukana mwini wake, ndipo pakhonde ankamva apongozi akutsokomola pang'onopang'ono.

Kenaka anadzuka pampando, maso ali pansi. "A Mbewe, ndithandizeni."

Towela sanamuseke, ndipo mwina kumuseka kukanapepukako. Anakhala pansi, naudula mzera uja, chilichonse pamalo pake: mutu apa, bokosi la mudzi uwu apa, la mudzi winawo pansi pake. Asanafike ndi kumapeto komwe, cholakwa chinaonekera poyera. Poyesa tsambalo mwezi wathawo, Clement anaika chizindikiro chobisa pa bokosi la mudzi uja, naiwala kuchichotsa. Chinali chitakhala pomwepo masabata anayi, pakati pa chipwirikiti chimene anapanga yekha.

Towela anachifufuta. Mayina onse anatuluka, la a Ottilia lili lachitatu. Koma mbewu inali itatha, ndipo dzina pa sikirini silimera m'munda.

Manyazi amene Clement anamva tsiku limenelo sanawamvepo chibadwire. Anatuluka, nanjuta patali ndi khonde, nkhope atalozetsa kumsewu, nauza mkazi wake kuti awauze amayi zoona zake: wolakwa ndi iye, ndipo ayenda khomo ndi khomo kukapepesa kumudzi.

A Ottilia anakonza mpango kumutu. Kenaka anayankha, osatembenuka.

"Selina, uwauze amuna akowo asavutike ndi ulendo. Anthu kumudzi ankati mkamwini wanga ndiye watichotsa. Ine ndinawakanira pamaso pa onse. Ndinati mwana ameneyo ntchito yake amaidziwa."