Morisi ya a Isake Itakwechedwa ngati Poto

A Isake Kamwendo ndi bambo wamfupi wa zala zakuda ndi girisi, amene amakonza njinga ndi zigayo pa Mitundu. Nyuzipepala zimangolemba za anthu ovala mataye, choncho ine, poti ndangokhala chimalizireni Sitandade 8 ndipo nyumba yathu ndi yawo zinayang'anana, ndati ndilembe za iwowa.

Kwawo ndi ku Nathenje, kuno anadzakwatira. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anali dalaivala wa mmwenye wina wa sitolo. Mmwenyeyo posamukira m'tauni anawasiyira galimoto yakale ya Morisi imene inafa kalekale, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wakumbuyo. Anthu anaseka. A Isake anaikoka ndi ng'ombe ziwiri mpaka pansi pa mtengo wa mango, nanena pamaso pa onse kuti, "Zipora mwana wanga sadzapita ku ukwati wake pa ngolo. Adzakwera iyi."

Ntchitoyo inadya zaka zitatu. Injini inadzuka, dzimbiri anapala, penti yobiriwira anapaka okha. Koma chimene ankanyadira kwambiri ndi zitsulo zonyezimira: mabampala, mphete za nyali ndi mizere yoyenda m'mbali. Ankazipukuta ndi kansanza kofewa, osalola wina aliyense kuzikhudza.

Ukwati unaikidwa Loweruka lina mu Ogasiti 1978, ku Nathenje kumene mkwati amaphunzitsa. A Jones, malume ake a mkwatiyo, ananeneratu kuti galimotoyo ikaoneka ngati khola la nkhuku, mkwatibwi akwera lole ya fodya.

Lachitatu a Isake anapita ku Lilongwe kukasaka tayala. Akazi awo, mayi Margret, ataona fumbi ndi timadontho ta dzimbiri pa zitsulo zija, anati athandizeko. M'mudzi muno palibe mapoto owala kuposa awo. Anatapa mchenga ndi phulusa, nakwecha mbali yonse yakumanzere ndi mphamvu zawo zonse. Itauma, kunyezimira kunalibe. Panatsala chitsulo chotuwa, chokandikakandika.

A Isake atabwera anangoima, tayala lili paphewa.

M'mawa mwake anatulukira a Jones pa njinga. Anazungulira galimotoyo kamodzi, nawomba m'manja.

"Achimwene, mbali ino galasi, mbali inayo sefuliya! Zulani zonsezi, mupake penti. Pofika Loweruka yauma."

"Ndikazula patsala timabowo tokhatokha," anatero a Isake. "Mvula ikalowa, dzimbiri lidya chitseko."

"Ndiye lole ija ilipo."

Mayi Margret anayankhira pakhomo la khitchini, maso ali pansi. "Ndalakwa ndine, alamu. Ndimati nanenso ndiikepo dzanja pa ukwati wa mwana. Chotsani, bambo a Zipora, anthu asakandiloze zala."

A Isake anatenga sipanala nayamba kumasula bampala. Atamasula nati yoyamba analeka. Pambuyo pake anauza bambo anga chimene chinawagwira dzanja. Mitundu yonse inkazidziwa zitsulozo. Zikanasowa, aliyense akanafunsa kumene zapita, ndipo akazi awo akanasanduka nthano ya pachitsime mpaka kukalamba. Anamanganso nati ija.

"Amake Zipora, phulusa lija latsala?"

"Lilipo. Nanga bwanji?"

"Lisefeni bwinobwino, mchenga ayi. Mbali inayo simunamalize."

"Mwapenga kodi?" anakuwa a Jones. "Zaka zitatu mukupukuta, lero mukande nokha?"

"Inu mukabwera pano mumanyambita za m'mapoto awo omwewo. Ndinakumvanipo mukudandaula?"

Anagwada awiriwo, mwamuna ndi mkazi, wina kutsogolo wina kumbuyo. Apa mphunzitsi anali mayi Margret. "Osazunguliza ayi, bambo inu, mukuononga! Kokerani mbali imodzi." A Isake anamvera ngati mwana wa sukulu. Ndinaona nkhope yawo itachita tsinya pamene phulusa linakhudza mphete ya nyali yakumanja, imene ankadziyang'anirapo pometa ndevu, koma dzanja silinabwerere. Pomaliza anapaka timafuta pang'ono. Dzuwa lisanapendeke mbali zonse zinafanana. Sizinkathobwanso m'maso, zinkangowala mofatsa ngati supuni yatsopano.

A Jones anazungulira kawiri, akusisita chitsulo ndi chala.

"Chabwino, lole ikhale. Koma hutala ndikaliza ine."

Loweruka Morisi inanyamuka, fumbi lili koboo m'mbuyo, Zipora atakhala pamene pankaikira nkhuku paja. Inazima kamodzi pokwera chitunda, a Jones natsika ndi suti yawo kukakankha. Pa tchalitchi amayi anaizinga ndi nthungululu. Mphunzitsi wamkulu anawerama, nafunsa a Isake kuti zitsulo zoterezi anaitanitsa kuti.

A Isake analoza akazi awo ndi chibwano. "Funsani amakaniko."

Tsopano akuti mvula ikatha ayamba kunyamula odwala kupita nawo ku chipatala cha Nkhoma. Chitini cha phulusa losefa chimakhala pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo amachikhudza ndi mayi Margret okha.